Mnzanu akabayidwa m'mutu kapena pamsana muli kunja

Bala la mpeni m'mutu limanamiza. Pakhungu pamaoneka kabala kakang'ono, munthu n'kumayankhula bwinobwino, pomwe nsonga yathyokera m'chigaza. Choncho mnzanu akabayidwa kapena kuwomberedwa m'mutu, m'khosi kapena pamsana, musati tione mmene agonere. Imbani 112 kapena 10177 ngati muli ku South Africa, 999 ku Britain. Ngati mpeni udakali m'thupi, musauzule, chifukwa nthawi zina ndi womwewo watseka mtsempha woduka. Madokotala amauchotsera ku fiyeta atajambula kaye.

Ambiri amaopa chipatala poti mapepala okhalira m'dzikomo anatha. Gawo 27 la malamulo aakulu a South Africa limaletsa kum'bweza munthu wofunika chithandizo chamwadzidzidzi, ndipo ku England chithandizo chamwadzidzidzi cha ku A&E n'chaulere kwa aliyense. Bilu ingabwere akam'goneka m'chipatala, koma imeneyo ndi nkhani ya mawa.

Kuchipatala amayamba ndi CT. Makinawa amajambula mutu m'timagawo topyapyala, ndipo pa mphindi zochepa dokotala waona kale pamene fupa lasweka, pomwe magazi aundana, ndi njira imene chipolopolo chadutsa. Akakayikira mitsempha ya magazi, amam'baya mankhwala pamkono oti mitsemphayo iwale pachithunzi. Muwauze chenicheni chimene chinam'baya: mtengo wouma umaoneka ngati mpweya pa CT, ndipo ungatsale mkati iwo osadziwa.

Pamene ndikufuna mumvetsetse ndi pa MRI. Achibale ena amaiumirira poganiza kuti yodula ndiye yabwino. Inde, palibe makina oiposa poonetsa mtsempha waukulu wa mumsana, koma imagwira ntchito ndi maginito amphamvu zedi, otha kusuntha kachitsulo kotsala pafupi ndi ubongo, diso kapena msana. Dokotala akati MRI ayi, sikuti akukusalani.

Ngoziyi siitha munthu akachira. Zipolopolo zambiri madokotala amazisiya m'thupi dala, poona kuti kuzichotsa kungawononge zambiri. Potuluka m'chipatala, pemphani lipoti ndi zithunzi zonse, muzisunge pamodzi ndi pasipoti, ndipo pobwerera kumudzi musaziiwale. Tsiku lililonse limene adzamuuze kuti akajambulidwe ndi MRI, ku Blantyre kapena kwina kulikonse, anene za chitsulocho asanalowe m'chipindamo, ngakhale patapita zaka makumi awiri.