PHUNZIRO: Boma Likasemphana ndi Anchito Ake, Aweruza Ndani?

Mphunzitsi wa ku Ligowe, namwino wa pa chipatala cha Lisungwi ndi mlangizi wa zaulimi wa ku Dambe, onsewa bwana wao ndi mmodzi, ndiye Boma. Koma Boma lomwelo ndilo lisunga malamulo a nchito. Nanga pakabuka mkangano, kodi mwini mlandu angakhalenso woweruza? Tiyeni tione m'mene dziko lathu linakonzera nkhaniyi.

1. Oyang'anira anchito a Boma

Nthambi ya Department of Human Resource Management and Development ndiyo isamala za magiredi ndi malamulo a kagwiridwe ka nchito. Kulemba anthu nchito, kuwakweza ndi kuwalanga kuli m'manja mwa makomishoni, monga Civil Service Commission ndi Teaching Service Commission. Anchito nawo ali ndi mabungwe owalankhulira, monga Civil Servants Trade Union ndi Teachers Union of Malawi, pakuti Malamulo Aakulu a 1994 anapatsa munthu aliyense ufulu wolowa m'bungwe lotere.

2. Njira ya mkangano

Lamulo la Labour Relations Act la 1996 linaika makwerero. Poyamba mbali ziwirizo zikambirane. Zikalephera, pafunika mkhalapakati, ndipo apa pali nzeru yaikulu: ngati mbali imodzi ndi Boma, mkhalapakatiyo sasankhidwa ndi Boma lokha ai, koma onse awiri agwirizane za iye, akapanda kumvana, amsankha ndi bwalo la Industrial Relations Court. Kuyanjanitsa kukakanika, anchito apereke chenjezo la masiku 7 asananyanyale. Asirikali, apolisi ndi a ndende lamuloli siliwakhudza. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inaonjeza kuti bwana angathe kudula malipiro a munthu wonyanyala koposa masiku 3 pa chaka.

3. Chitsanzo

Kwacha itagwa mphamvu mu 2012, katundu anakwera mtengo koopsa. Mu February 2013 anchito a Boma ananyanyala pafupifupi milungu iwiri, mpaka Boma linavomera kukweza malipiro a otsikitsitsa ndi 61 peresenti. Anchito anapeza chao, inde, koma masiku amenewo ana sanaphunzire ndipo odwala anasauka. Njovu zikamamenyana, wovutika ndi udzu. Kuno ku Neno, kumene mai amayenda mtunda wautali m'mapiri ndi mwana wodwala kumsana, udzuwo tiudziwa ndi maina.

4. Chiphunzitso cha Eklezia

Papa Leo XIII, m'kalata yake Rerum Novarum ya 1891, anaphunzitsa kuti wanchito ayenera malipiro okwanira kukhala moyo waulemu, ndi kuti kukhala m'bungwe ndi ufulu wake. Papa Yohane Paulo II, mu Laborem Exercens ya 1981, anati kunyanyala nkololedwa, koma ndi njira yotsiriza, ndipo nchito zosunga moyo wa anthu zisaime. Chotero Boma lichimwa likachedwetsa malipiro kapena kunyoza zokambirana. Wanchito naye achimwa akalumpha makwerero, nasiya wodwala pakhomo.

Mafunso a m'Miphakati

Akatekisti awerenge phunziroli ndi Akristu, nawafunse:

(a) Chifukwa ninji Boma siliyenera kusankha lokha mkhalapakati?

(b) Mphunzitsi wa m'mudzi mwathu akakhala miyezi osalandira, ife Akristu anzake timthandiza bwanji?

(c) Namwino Mkristu achite chiani anzake akanyanyala?