Phunziro: Kamba wa mwana wopita ku yunivesite

Mwezi uno tikambirane za thumba lija timamangira ana athu akamabwerera kusukulu, kaya ku MUST ku Thyolo, ku MUBAS ku Blantyre kapena ku UNIMA ku Zomba. Ambiri amachita lendi kachipinda kunja kwa sukulu n'kumadziphikira okha. Ufa, nsinjiro, mpunga ndi matemba a ku Chilwa zimene amadya kumeneko zimachoka m'manja mwathu. Ndiye mwana akadwala m'mimba, tisathamangire kuloza chala mayi wogulitsa chipisi.

Tiyambe ndi chuku. Kuno ku Mulanje nthawi yoyanika chimanga ndi mtedza, mu June ndi July, ndi nthawi yomweyo ya chiperoni. Mbewu yosauma bwino imachita nkhungu, ndipo nkhungu ina imatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu moto sumutha. Mukazinge mtedzawo, muwiritse phalalo, iye ali momwemo. Amawononga chiwindi pang'onopang'ono mpaka kuyambitsa khansa, ndipo akachuluka amapha msanga: mu 2004 ku Kenya anthu 125 adamwalira atadya chimanga chotere.

Tsono taonani chizolowezi cha kwathu kuno. Mtedza wokongola timapita nawo kumsika wa pa Chitakale, wofwapa ndi wakuda uja n'kusinja kuti mwana akatendere masamba. Komatu chuku chimakonda wofwapa yemweyo! Wotere ngwotaya. Nako kuwaza madzi pamakoko kuti asavute kuswa kumaitana nkhungu. Tiyanike pathandala kapena pamkeka, osati padothi, ndipo tisathire m'thumba njere isanafike polira ikalumidwa. Chimanga chothira Actellic chitsatire muyeso wolembedwa pabotolo, ndipo chipetedwe ndi kutsukidwa chisanapite kuchigayo.

Kusukuluko vuto lalikulu ndi mkute. Makala ndi odula, nthawi ndi yochepa, ndiye mwana amaphika mpunga wodzadza poto m'mawa kuti adye mpaka mawa lake. Kunja kukatentha, tizilombo ta m'chakudya timatha kuwirikiza kawiri pa mphindi 20 zilizonse. N'chifukwa chake a zaumoyo amati chakudya chophika chisakhale pamtunda kupitirira maola awiri. Ndiwo zotsala zitenthetsedwe mpaka zibwate, osati kungofunditsa. Koma mpunga ngwachinyengo: tizilombo take tina timasiya poizoni amene satha ngakhale muutenthetsenso. Amene alibe filiji aphike wokwana kudya kamodzi basi.

Ana athu amasamala kwambiri zofunsa ngati nkhuku yazingidwa mwa Chisilamu, ndipo Alhamdulillah potero. Koma tidaphunzira kumadrasa kuti chakudya chikhale halali komanso tayyib, kutanthauza chabwino, chosavulaza thupi. Nkhuku yozingidwa bwino imadwalitsabe ngati mpeni umene wadulira yaiwisi ndi womwewo wadulira tomato ndi anyezi wodya osaphika. Mpeni ndi mbale zitsukidwe ndi sopo, nyama ipse mpaka pafupa posaoneka magazi.

Za madzi sitichita kuuzidwa. Kolera imene idayamba ku Machinga mu March 2022 idapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, ndipo mu January 2023 sukulu za ku Blantyre ndi Lilongwe zidachedwa kutsegulira. Mwana wa digiri angakufotokozereni bwino lomwe mmene matendawa amafalira, koma pa nsima mumuona akusamba m'beseni limodzi ndi anzake asanu, womaliza akusamba litsiro la onse. Madzi achite kuthirirana, ndipo sopo akhalepo. Wudhu timatenga kasanu patsiku, inde, koma wudhu ulibe sopo. Pochoka kuchimbudzi ndi pokhudza chakudya sopo ndi wofunika.

M'thumba lija, pambali pa ufa, tiikemonso botolo la WaterGuard, sopo ndi mapaketi angapo a Thanzi ORS. Paketi imodzi imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi abwino. Ndipo timuuze mwanayo kuti akayamba kutsegula m'mimba mwamadzimadzi, kapena akaona magazi, ayambe kumwa Thanzi ali panjira yopita kuchipatala, ngakhale kutakhala kuti mawa lake kuli mayeso.