KUSINTHA SEFA YA PETULO PA GALIMOTO YAKALE

Amai akafuna kuphika nsima yabwino, amayamba asefa ufa. Ufa umadutsa, koma misere ndi timiyala zimatsala m'sefa. Galimoto nayonso ili ndi sefa yake. Sefa imeneyi imasefa petulo asanaloŵe mu injini. Amakaniko amaitcha filita.

M'midzi ya kufupi ndi Boma la Mzimba muli magalimoto akale ambiri. Ena anabwera ndi abale athu ogwira ntchito ku Joni. Ina yodziŵika bwino ndi kapikiapu ka Nissan 1400. Ankaipanga ku South Africa, ndipo analeka kuipanga m'chaka cha 2008. Ndiye kuti ngakhale yomaliza kupangidwa yapitirira zaka 15.

Magalimoto otere ndiwo amanyamula matimati kupita ku msika wa Jenda. Ndiwo amabweretsa feteleza kumudzi. Usiku ndiwonso amathamangira ndi odwala ku chipatala cha Embangweni kapena cha pa Boma. Galimoto ikafera panjira itanyamula mai wapakati, nkhani yake siikhala yaing'ono. Koma kaŵirikaŵiri chimene chaiimitsa ndi kanthu kokwana m'dzanja limodzi.

Kodi zinyalala zimachokera kuti?

Thanki ya galimoto yakale ndi yachitsulo. Ikakalamba imachita dzimbiri m'kati, ndipo dzimbirilo limayoyokera m'petulo. Fumbi la m'misewu yathu nalonso limaloŵa pamene chotsekera cha thanki chatha.

Palinso china. Kuyambira chaka cha 1982, petulo wa muno m'Malaŵi amamsakaniza ndi ethanol. Aŵa ndi mafuta ochokera ku nzimbe, ndipo anayamba kuŵapanga ku Dwangwa. Ethanol amakoka madzi a mu mpweya. Galimoto ikakhala miyezi osayenda, madziwo amakhazikika pansi pa thanki ndi kuonjezera dzimbiri.

Koma zinyalala zambiri zimadza ndi zigubu. Mukukumbukira zaka za 2011 ndi 2012, ndiponso 2024, pamene mafuta anasoŵa? Anthu ambiri ankagula petulo wa m'zigubu. Chigubu china dzulo lake munali madzi. China munali mafuta ophikira, china chinagona pa mchenga chosatseka. Zonsezo zimakathera m'sefa. Ngati simungachitire mwina koma kuthira wa m'chigubu, yalani kansalu koyera pa fanelo.

M'kati mwa sefa muli pepala lopindapinda. Pepalalo limagwira zinyalala kuti zisafike ku kabuleta. Kabuleta ndi kumene petulo amasakanikirana ndi mpweya, ndipo timabowo take ndi tating'ono ngati diso la singano. Kamchenga kamodzi kangathe kutseka kabowo kotere.

Mudziŵa bwanji kuti sefa yatsekeka?

Galimoto ikaima pamalo amodzi, injini imalira bwinobwino, chifukwa imangofuna petulo pang'ono. Vuto limaoneka pokwera chitunda, monga pa mapiri a Viphya popita ku Chikangawa, kapena itasenza katundu wolemera. Pamenepo injini imafuna petulo wambiri, koma sefa ikungodontheza. Galimoto imachita befu. Imadukizadukiza, kenaka nkuzima. Mukaipumitsa kwa mphindi zisanu kapena khumi imaliranso, chifukwa petulo wapeza nthaŵi yodutsa pang'onopang'ono. Mukayenda pang'ono, yazimanso.

Apa mpamene mumamva woyendetsa akuuza mwini galimoto kuti, "Adada, injini yatha iyi, tipeze ina basi." Musafulumire. Nzoona kuti pampu ya petulo kapena mapulagi akatha, galimoto imachitanso chimodzimodzi. Koma yambani ndi sefa, popeza ndiyo yotsika mtengo pa zonsezi.

Tsekulani boneti. Tsatani kapaipi kochokera ku thanki kupita ku pampu ya petulo. Panjira pake mupeza kabotolo ka pulasitiki kokhala ndi milomo iŵiri. Sefa ndi imeneyo. Zambiri zimaonekera m'kati. Mukaona pepala lada, kapena matope ofiirira pansi pake, kapena timadontho ta madzi, isintheni.

Musanagwire ntchito

Petulo sachedwa kugwira moto. Ngakhale nthunzi yake yokha imayaka. Gwirirani ntchitoyi panja, masana, injini itazizira. Fodya ayi. Koloboyi ayi. Mbaula ikhale kutali, ana nawonso apite akaseŵere kwina. Ikani ndowa ya mchenga pafupi. Moto wa petulo sitizima ndi madzi, chifukwa petulo amayandama pamwamba pa madzi ndipo motowo umangofalikira.

Mufunika sefa yatsopano, pulayazi, sikuludiraiva, nsanza, kachitini ndi bauti yoyera. Pokagula sefa, uzani wogulitsa dzina la galimoto yanu. Mwina lembani nambala imene ili pa sefa yakale, mupite nayo.

Kasinthidwe kake

Zimitsani injini ndi kuchotsa kiyi. Masulani waya wa batire wa mbali imene ili ndi chizindikiro chochotsera, chija timalemba pa masamu chonchi: –. Tsekulani chotsekera cha thanki kuti mpweya utuluke, kenaka mutsekenso.

Tsopano yang'anitsitsani sefa yakale isanachoke. Ndi paipi iti ikuchokera ku thanki? Imangeni kachingwe kuti musaiŵale.

Ikani kachitini pansi pa sefa. Masulani tizitsulo tomanga mapaipi ndi kutisunthira kumbuyo. Paipi yakale imakakamira. Musaikoke mwamphamvu, ingang'ambike. Ipotozeni uku ndi uku mpaka itavomera. Ikachoka, tsekani paipi ya ku thanki ndi bauti ija kuti petulo asatayike. Onani nsonga za mapaipi. Ngati zauma kapena zachita ming'alu, gulani paipi ina ya petulo. Paipi ya madzi siiyenera pamenepa, petulo amaidya.

Apa ndi pamene sukulu yathu ikugwira ntchito. Pa sefa yatsopano pali muvi. Muviwo uloze kumene petulo akupita, ndiko ku injini. Sefa zina alembapo mau aŵiri a Chingerezi. Mau akuti IN atanthauza poloŵera: pamenepo ikani paipi yochokera ku thanki. Mau akuti OUT atanthauza potulukira: pamenepo ikani paipi yopita ku pampu. Ŵerengani kaŵiri musanaike. Sefa yoikidwa chozondoka imatsekeka msanga, ndipo pepala lake lingathe kuphwanyika.

Loŵetsani mapaipi mpaka kumapeto kwa milomo. Bwezerani tizitsulo tija ndi kumanga bwino, koma osapyola muyeso, poti mlomo wa pulasitiki umasweka. Pukutani petulo yense amene watayika. Dikirani paume, kenaka bwezerani waya wa batire.

Poliza galimoto musadabwe ikachedwa. Sefa yatsopano ilibe kanthu, tsono pampu iyenera kuyamba yakoka petulo. Lizani pang'ono, pumulani, lizaninso, kuti batire isathe. Ikalira, yang'anani milomo yonse iŵiri. Pasakhale dontho ngakhale limodzi. Mukaona kuti petulo sanadzaze sefa yonse, musade nkhaŵa. Zimatero.

Petulo wa m'kachitini musamtaye pafupi ndi chitsime kapena m'dimba.

Ena amachotsa sefa yakale, nkuiuzira ndi pakamwa, nkuibwezera. Zimenezi zingakufikitseni pa Boma, koma si mankhwala ake, ndipo petulo ndi poizoni m'kamwa. Ena amachotseratu sefa ndi kulumikiza mapaipi okhaokha. Ameneŵa amapulumutsa ndalama ya sefa lero, maŵa nkulipira mmisiri womasula kabuleta yonse.

Si magalimoto onse

Phunziro ili ndi la galimoto ya petulo yokhala ndi kabuleta. Magalimoto atsopano alibe kabuleta. Pampu yake ndi yamagetsi, ndipo imakankha petulo mwamphamvu kwambiri. Sefa yake ndi yachitsulo, mwinanso ili m'kati mwa thanki. Mukaikapo ka pulasitiki kaja kaphulika. Imeneyo pitani nayo kwa makaniko. Ya dizilo nayonso ili ndi njira yake, chifukwa mukasintha sefa muyenera kupopa kuti mpweya utuluke m'mapaipi.

Amakaniko ambiri amalangiza kusintha sefa ya petulo kamodzi pa chaka, kapena galimoto ikayenda makilomita 20,000. Kwa ife a misewu ya fumbi ndi petulo wa m'zigubu, kudikira chonchi nkuchedwa. Gulani ziŵiri, ina izikhala m'galimoto pamodzi ndi pulayazi.

Ntchito yolemba

Tengani kope laling'ono loti lizikhala m'galimoto. Lembani tsiku limene mwasintha sefa. Pambali pake koperani nambala ya makilomita imene ikuoneka kutsogolo kwa chiwongolero. Ngati nambalayo ndi 184,500, kodi idzakhala chiyani galimoto ikayenda makilomita 10,000 ena? Lembani yankho lanu, mukaonetse aphunzitsi.