Agogo akukhuta msanga

Agogo amakhala ku Angónia, m'mudzi wa pafupi ndi Ulongue. Ali ndi zaka 58. Amalima cimanga ndi nyemba. Mdzukulu wawo wamkazi ali m'kalasi yoyamba, ndipo amadya ndi agogo mbale imodzi.

Tsiku lina madzulo agogo ananyema nsima kawiri kokha, nasamba m'manja.

— Agogo, mwakhuta kale?

— Ndakhuta, mdzukulu wanga. Idya iwe.

Mawa lake zinali comweco. Mkuja zinalinso comweco. Usiku agogo ankatuluka kanayi kukataya madzi. M'mawa ankamanga citenje, koma citenje cinkawathina. Mimba inali kukula, pamene manja ndi nkhope zinali kuonda.

Mwana uja anatenga makala. Tsiku lirilonse limene agogo asiya nsima, ankalemba kamzere kuseri kwa nkhokwe. Kusukulu anali ataphunzira kuwerenga mpaka 20. Timizere titakwana 15, anaitana amayi ake.

— Amayi, bwerani muone. Masiku onsewa agogo sanamalize nsima.

Amayi anawerenga timizere. Kenaka anapita kukagwada pafupi ndi agogo.

— Amayi, mimbayi yayamba liti?

— Ndi mpweya cabe, mwana wanga. Ndi nyembazi. Ukalamba umatero.

— Nyemba tikudya tonse. Mawa tipite kucipatala.

Agogo anakana. Anati munda ukudikira khasu. Koma m'mawa atate anapopa njinga, ndipo agogo anakwera.

Namwino anagwira pamimba, nafunsa mafunso ambiri. Anawapatsa kalata yopita ku cipatala cacikulu ca ku Tete. Kumeneko anawaunika ndi makina oona m'mimba, nawatenga magazi. Dokotala anapeza cotupa. Agogo anawacita opaleshoni, pambuyo pake analandira mankhwala kwa miyezi ingapo. Mundawo analima atate. Tsopano agogo akumaliza ntanda wa nsima, ndipo mdzukulu akudandaula kuti yake yacepa!

Yankhani

1. Kodi mwana uja ankalemba ciani kuseri kwa nkhokwe?
2. Timizere tinalipo tingati?
3. Kodi mungauze yani mukaona munthu wamkulu akudwala?

Kwa makolo

Matenda a agogowa ndi khansa ya timatumba ta mazira. Pa Cipwitikizi amati cancro do ovário. Mkazi ali ndi timatumba tiwiri m'munsi mwa mcombo, kena kumanja kwa cibelekero, kena kumanzere. Kalikonse kangafanane ndi dzira la nkhunda. Popeza tili mkati kwambiri, cotupa cimakula osaoneka.

Kuvuta kwa khansa imeneyi nkwakuti zizindikiro zake zimafanana ndi matenda a masiku onse. Mimba imatupa osaphwa. Munthu amakhuta atangodya pang'ono. M'munsi mwa mimba kapena m'ciuno mumawawa, ndipo mkodzo umabwera pafupipafupi. Ena amatopa, amaonda, kapena amadzimbidwa. Ndani sanadzimbidwepo? Kusiyana kwake ndi masiku. Mpweya wa nyemba umatha mawa. Koma zizindikirozi zikakhala zacilendo, nkumabwera masiku oposa 12 pa mwezi, mayiyo apite kucipatala. Anene masiku ake, monga anacitira mwana uja ndi makala. Nthawi zambiri sikhala khansa, koma wodziwa ndi amene wayeza.

Matendawa amagwira kwambiri amayi opitirira zaka 50, amene anasiya kusamba. Mayi wotere akaonanso magazi, asadikire ngakhale sabata. Mimba yake ikamakula, si pathupi, ndipo si nkhani yoseka kucitsime. Amene mayi wake kapena mcemwali wake anadwala khansa ya bere kapena ya timatumba ta mazira auze namwino, cifukwa m'mabanja ena imayenda m'magazi.

Khansa sipatsirana. Mwana angathe kudya mbale imodzi ndi agogo ake. Siibweranso ndi ufiti. Miyezi imene banja likufunafuna woloza, cotupa cimakhala cikufalikira, ndipo cikafalikira kuciza kumavuta.

Amayi ambiri anayezetsa kale khomo la cibelekero, kuyeza kuja kwa viniga. Anacita bwino, koma kuyeza kumeneko sikuona timatumba ta mazira. Katemera wa HPV, amene atsikana a ku Moçambique anayamba kulandira m'caka ca 2021, amateteza khansa ya khomo la cibelekero, osati iyi. Conco mayi amene anayezetsa, mimba yake ikatupa osaphwa, apitenso.