Phunziro la zaumoyo: Mwana akabadwa ndi chilema cha dzanja

Dzanja la mwana limaumbika mimba ili ndi masabata 4 mpaka 8. Likapanda kuumbika bwino, mwana amabadwa ndi zala zomatana, chala choonjezera, kapena dzanja lopindikira ku chala chachikulu chifukwa fupa limodzi la mkono ndi lalifupi kapena palibe. Si ufiti, ndipo kawirikawiri palibe chimene mayi analakwitsa. Zambiri mwa zilemazi zimakonzeka ndi opaleshoni, koma nthawi ndiyo yofunika.

Zala zomatana amazilekanitsa mwana ali ndi miyezi pafupifupi 12 mpaka 18. Ngati chomatana ndi chala chachikulu kapena chaching'ono, amafulumira, chifukwa chala chachifupi chimapinditsa chachitali pamene zikukula. Khungu likaperewera, amatenga lina mphechepeche n'kulisokerera pakati pa zalazo.

Dzanja lopindika limayamba ndi mafizo komanso chikhakha mwana akadali wakhanda. Opaleshoni imabwera pambuyo, cha m'ma chaka chimodzi. Mwana wotere amupimenso mtima, impso ndi magazi, pakuti vutoli nthawi zina limayendera limodzi ndi matenda a ziwalozi. Ngati chala chachikulu palibe, madokotala amasuntha chamkombaphala n'kuchiika pamalo pake kuti mwana azitha kugwira supuni ndi pensulo.

Chala choonjezera n'chofala mwa ana a kuno ku Africa. Musachimange ndi ulusi kapena kuchidula ndi lezala kunyumba. Mwana akhoza kutaya magazi, kutenga kafumbata, kapena kutsala ndi chotupa chopweteka.

Poyambira ndi kusikelo. Onetsani anamwino dzanjalo ndipo pemphani kalata yotumizira mwana kuchipatala chachikulu. Ku Malawi, chipatala cha Beit CURE ku Blantyre, chimene chinatsegulidwa mu 2002, chimachita maopaleshoni a mafupa a ana.

Amene muli ndi abale ku Joni, makamaka ku Ekurhuleni, auzeni kuti njira ndi yomweyi: kiliniki kaye, kenako chipatala cha boma monga Tambo Memorial ku Boksburg kapena Thelle Mogoerane ku Vosloorus. Mu Epulo 2023 khoti lalikulu la ku Gauteng linagamula kuti ana osakwana zaka 6 azithandizidwa ulere m'zipatala za boma, posayang'ana dziko lochokera kapena mapepala.

Opaleshoni siibwezera dzanja kuti lifanane ndendende ndi linzake. Cholinga chake n'choti mwana azidya, kuvala ndi kulemba yekha. Musamubise m'nsalu. Pitani naye mwezi uno.