Mafunso ndi Mayankho: Kugontha ndi Kudzandira Pambuyo pa Ngozi Yakale

Muulutsi: Kalata yathu madzulo ano yachokera kwa mayi wina wa ku Ntcheu, ndipo akuti: "A Dokotala, amuna anga adagwa pa njinga yamoto ana athu akali aang'ono, ndipo dzanja lawo lamanzere lidalobodoka kuyambira pomwepo. Tsopano makutu onse awiri akugontha pang'onopang'ono, ndipo poyenda amadzandira, mwakuti anthu akuwanena kuti ayamba kumwa, chonsecho mowa sadaulawepo. Kodi ngozi yakale ija ingabale zotere?"

Dokotala: Mayi, mwachita bwino kufunsa, pakuti safunsa adadya phula, ndipo ngakhale sindingathe kutchula nthenda ya munthu amene sindidamuone ndi maso, kalata yanu yandikumbutsa matenda ena osowa kwambiri, otchedwa superficial siderosis, amene dokotala Hamill wa ku America adawalongosola koyamba m'chaka cha 1908.

Ubongo pamodzi ndi chingwe chake chotsikira mumsana zimakhala m'madzi oyera mbee, otsekeredwa m'kathumba kolimba. Tsono munthu akavulala khosi kapena msana, makamaka pamene mitsempha yopita kudzanja yazuka pa tsinde lake monga zimachitikira pa ngozi za njinga zamoto, kapena akachitidwa opaleshoni ya mutu kapena ya msana, kapenanso akakhala ndi chotupa m'menemo, kathumbako kakhoza kung'ambika kapena chotupacho kuchucha, ndipo magazi amayamba kukhera m'madzi aja pang'onopang'ono, mwini wake osamva kanthu. M'magazi muli ayironi, ndipo monga dontho losaleka limasiya dzimbiri pa lata, momwemonso ayironiyo amaunjikana pamwamba pa ubongo nawononga mitsempha, kufikira zizindikiro zitaonekera patapita zaka khumi, makumi awiri, kapena kuposerapo, pamene onse adaiwala kale za ngoziyo.

Woyamba kulasidwa kawirikawiri ndi mtsempha wa kumva, ndipo wodwala amadandaula kuti mawu akuwamva koma sakuzindikira chonenedwa, makamaka pagulu, mwinanso m'makutu mumalira. Kenaka pamagwidwa kaubongo kakang'ono ka kunkhongo, kamene kamawongolera mayendedwe. Pamenepo munthu amayenda atatangadza miyendo, amapepesuka potembenuka, lilime limalemera, ndipo anansi osadziwa amamuweruza kuti ndi chidakwa, chinthu chimene chimandimvetsa chisoni ndithu, pakuti kudwala pakokha ndi katundu wokwanira. Madokotala a ku London atasanthula mbiri za odwala 87 m'chaka cha 1995, adapeza kuti 95 mwa 100 alionse adali ogontha, ndipo 88 mwa 100 adali odzandira. Ena miyendo imauma, ena amataya mkodzo, ena saumvanso fungo la chakudya.

Komabe musafulumire kuchita mantha, mayi, chifukwa kwathu kuno zogonthetsa ndi zodzandiritsa zofala n'zina: ukalamba, matenda oumitsa khosi, jakisoni wina amene ankabayidwa odwala chifuwa chachikulu monga streptomycin ndi kanamycin, chindoko, ndi kuchepa kwa vitamini B12. Dokotala wanzeru ayamba waona zimenezi.

Muulutsi: Mayiwa aonjezeranso kuti adajambulitsa mutu ndi X-ray, koma sipadaoneke kanthu.

Dokotala: Sipakadaoneka kanthu, pakuti X-ray imaona mafupa, ndipo ngakhale sikani ya CT kawirikawiri imaphonya matendawa. Chimene chimawaulula ndi makina a MRI, ndipo n'chifukwa chake, makinawa asanafalikire m'zaka za m'ma 1980, odwala ambiri ankadziwika atamwalira kale. Pa chithunzi cha MRI, ayironi uja amaoneka ngati mzere wakuda bii wozungulira m'mphepete mwa ubongo. Koma mzerewo ukapezeka, ntchito yangoyamba, pakuti pafunika kujambulanso msana wonse kuyambira m'khosi kufikira m'chiuno, kufunafuna pamene pakukha magazi, ndipo akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nthawi zina amatenga madzi a mumsana ndi singano, ndipo m'malo moyera amatuluka achikasu kapena osakanikirana ndi magazi.

Pong'ambika pakapezeka, madokotala a opaleshoni akhoza kutsekapo, kuti nthenda isapitirire, ngakhale kumva kumene kudatayika sikubwerera kawirikawiri. Alipo mankhwala otchedwa deferiprone ochotsa ayironi, koma owamwa ayenera kuyezetsa magazi pafupipafupi, popeza akhoza kuchepetsa asilikali a m'thupi.

Chotero, mayi, pitani nawo bambowo ku chipatala cha boma lanu, akayezedwe makutu ndi mayendedwe, ndipo mukapemphe kalata yowatumiza ku chipatala chachikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre kapena Kamuzu Central ku Lilongwe. Mukakafika pamaso pa dokotala, musakadikire kufunsidwa: kanenereni nokha za ngozi ija, chaka chake, ndi za dzanja lidalobodokalo, ndipo ngati buku lakuchipatala la nthawi imeneyo likadalipo, litengeni.