Musanalipire chowambira nyama cha moto wa pambali ku Mulanje

Kanyenya tonse timamudziwa: nyama pamwamba pa makala, mphindi 20, mchere ndi tsabola, nkhani yatha. Chowambira cha moto wa pambali, chija ogulitsa amachitcha offset smoker, ntchito yake ndi ina. Moto umayaka m'bokosi lakelake lomwe lili m'mbali, chakumunsi pang'ono. Nyama imakhala m'chimimba chachikulu chogona chopingasa, ndipo chumuni chimaima kumapeto enawo n'kumakoka kutentha ndi utsi kuti zidutse pa nyamapo. Lawi silifika pa nyama ngakhale pang'ono. Kutentha kumakhala pakati pa madigiri 110 ndi 135, ndipo chidale cha ng'ombe chimatha maola 10 kapena 12 chili m'menemo, mpaka nyama yomwe pa kanyenya ikanakutopetsani nsagwada ifike poduka ndi supuni.

Chipangizochi chinakulira ku Texas ndi ku Oklahoma m'dziko la America, komwe amisiri owotcherera zitsulo ankachipanga ndi mapaipi okhuthala a kumigodi ya mafuta. Joe Davidson anayamba kugulitsa zake za Oklahoma Joe's mu 1987, ndipo malo otchuka a Franklin Barbecue mumzinda wa Austin amawambira m'mathanki akale a gasi. Mbiri imeneyi ikutiuza kuti chowambira chabwino ndi ntchito ya mmisiri wa zitsulo, ndipo amisiri otere alipo pa Chitakale, ku Limbe ndi ku Ndirande. Chimene amasowa ndi miyeso yoyenera, ndipo woipereka ndinu.

Dzifunseni ngati mukuchifunadi

Moto wa chowambirachi umafuna chikuni chatsopano mphindi 30 kapena 45 zilizonse, kuyambira mbandakucha mpaka nyama itapsa. Ngati cholinga chanu ndi kuotcha nkhuku Loweruka masana uku mukuonera mpira, sungani ndalama zanu, theka la diramu ndi waya zikukwanirani. Koma ngati muli ndi malo ogona alendo cha ku Likhubula, kapena ndinu munthu woti kukhala pamoto tsiku lathunthu kumakusangalatsani, tiyeni tipitirize.

Ganiziraninso lero lomwe za nkhumba. Mafuta ndi utsi zimamatirira m'kati mwa chitsulo ndipo sizichokeratu. Ngati pakati pa abale kapena makasitomala anu pali Asilamu kapena a Seventh Day, chowambira chimene chinalowapo nkhumba kamodzi kokha chawatsekera kunja.

Pezani kaye nkhuni

Ambiri amayamba ndi chitsulo, nkhuni n'kumadzazifuna pambuyo. Ku Mulanje yambani ndi nkhuni, chifukwa kuno n'kumodzi mwa madera amene amalandira mvula yambiri m'Malawi muno, ndipo dzinja likangotha chiperoni chimatenga malo kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Chikuni chonyowa chimangofuka utsi woyera wochindikala, nyama n'kutuluka yowawa, yonunkha mwaye. Nkhuni zowambira zimafuna kuwazidwa, kusanjidwa pathandala pansi pa denga pamalo opita mphepo, n'kukhala miyezi 6 kapena chaka. Mukagunditsa ziwiri zizilira mopepuka, ndipo kumapeto kwake kuzioneka ming'alu.

Mtengo umene ndimauika patsogolo ndi gwafa: ndi wolimba, umasiya makala okhalitsa, utsi wake ndi wonunkhira bwino ndipo umamera paliponse. Mandimu, malalanje ndi mapichesi ndi abwinonso. Wa makadamiya mukaupeza kwa alimi a ku Thyolo pa nthawi yotengulira, musausiye. Mango ndi wabwino pokhapokha utaumitsitsa ndipo mwasenda khungwa, poti utomoni wake umayabwa anthu ena. Bulugamu, amene mafakitale a tiyi amaumitsira masamba, amatentha kwambiri koma utsi wake umamveka ngati mankhwala a chifuwa. Muyatsireni moto poyamba kuti mupeze makala, kenaka pitirizani ndi gwafa.

Paini ayi, utomoni wake umadetsa nyama. Nkhadze ayi, ndi poizoni. Matabwa opaka penti kapena othira mankhwala a chiswe ayi. Mkungudza wa m'phiri, umene unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984 ndipo lero watsala pang'ono kutheratu, wokugulitsani akukugulitsani mlandu, kuwonjezera apo utsi wake suyenera pa chakudya. Lamulo la zankhalango la 1997, lomwe zilango zake zinakhwimitsidwa mu 2020, limaletsanso makala opanda chilolezo. Amene anaona madzi ndi miyala zikutsika m'phiri nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 safunika kuuzidwa chifukwa chake. Panganani ndi anthu a minda ya zipatso, muzigula nthambi zimene atengulira.

Kukhuthala kwa chitsulo

Apa ndi pamene ndalama zanu ziyenera kupita. Zowambira zotchipa za m'masitolo zimakhala za chitsulo cha mamilimita 1.5 kapena 2. Zimaoneka bwino, penti wakuda waphuliphuli, koma mphepo ya chiperoni ikangowomba kutentha kumatsika, inu n'kuwonjezera nkhuni, kutentha n'kukwera mopitirira, tsiku lonse kulimbana ndi moto. Zapamwamba zimakhala za mamilimita 6. Chitsulo chotere chimatenga pafupifupi ola kuti chitenthe, koma chikatentha chimasunga, mwakuti mukatsegula chitseko kuti muone nyama kutentha kumabwerera msanga. Chimachedwanso kubooka ndi dzimbiri, lomwe m'chinyezi cha kuno silichita ulesi.

Musakhulupirire pakamwa. Pitani ndi choyezera, muyeze m'mphepete mwa chitseko ndi mwa bokosi la moto. Kulemera nakonso kumaulula: chitsulo cha mamilimita 6 chimalemera makilogalamu pafupifupi 47 pa sikweyamita imodzi, choncho chowambira cha chimimba chotalika mita imodzi, chotambalala masentimita 50, chimapitirira makilogalamu 150. Ngati anyamata awiri achinyamula n'kuchikweza pa galimoto akuseka, si cha mamilimita 6.

Ndalama zikaperewera, bokosi la moto lokha likhale la mamilimita 6, poti ndi limene limapsa tsiku lililonse, chimimba chikhale cha 4. Chochepera 3 musalipire.

Samalani ndi kumene chitsulocho chachokera. Paipi yokhuthala kapena thanki yakale ya kompuresa ndi zabwino. Diramu la malita 200 ndi lopyapyala kwambiri, ndipo m'dera la minda ya tiyi ngati lino simungadziwe kuti linasungapo mankhwala anji. Chitsulo chokutidwa ngati malata chimatulutsa utsi wodwalitsa chikapsa, choncho chisapezeke paliponse pofika moto, ngakhale pa waya woikapo nyama. Thanki imene inasungapo gasi kapena mafuta siyidulidwa isanatsukidwe ndi kudzazidwa madzi. Mmisiri amene akuti "palibe vuto bwana, ndi yakale" akuseweretsa moyo wake ndi wa anzake.

Miyeso yoti mumulembere mmisiri

Chowambira chimayenda ndi mphepo. Ilowe pa kachitseko ka bokosi la moto, idutse pansi pa nkhuni, ikwere m'chimimba, ituluke pa chumuni osaima paliponse. Utsi ukamangozungulira m'kati nyama imawawa.

Bokosi la moto likhale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kukula kwa chimimba. Likachepa simungayatsemo moto wa nkhuni weniweni, mumangokanikiza zikuni n'kumafuka. Pa chimimba cha mita imodzi chija, bokosi lilole chikuni cha masentimita 30 kugona bwinobwino, ndipo likhale ndi chitsulo chokweza nkhuni kuti phulusa lizigwera pansi. Denga la bokosilo lilingane ndi waya wa nyama kapena likhale pansi pake pang'ono. Pakhomo polowera kutentha m'chimimba pakhale kachitsulo kopendekera pansi kotchinga lawi, apo ayi nyama ya mbali imeneyo idzapserera ina isanafunde n'komwe.

Chumuni ndi chimene amisiri ambiri amalakwitsa, chifukwa anazolowera kuchiika pamwamba penipeni ngati cha uvuni wa buledi. Chikakhala pamwamba, kutentha kumadutsa kudenga nyama n'kutsala pansi. Khomo lake liyambire molingana ndi waya wa nyama, paipi yake ikhale yotambalala masentimita 10 mpaka 13, yotalika pafupifupi mita. Chachifupi ndi chopapatiza sichikoka.

Palinso mtundu wina, umene kampani ya Lang ya ku Georgia inatchukitsa kuyambira mu 1988. Umakhala ndi chitsulo chachitali pansi pa waya, utsi umayenda kunsi mpaka kumapeto n'kubwerera pamwamba pa nyama, ndipo chumuni chimakhala mbali ya moto. Kutentha kwake kumafanana ponseponse, koma n'kolemera, kodula ndiponso kovuta kutsuka. Kwa mmisiri amene akupanga koyamba, ine ndingasankhe mtundu wamba. Zolakwika zake n'zosavuta kukonza.

Zotsalazo ndi zazing'ono koma zimapweteka zikaiwalika. Matayala akhale achitsulo, aakulu, chifukwa timatayala ta pulasitiki timatitimira m'matope a Januwale. Pansi pa chimimba, kutali ndi moto, pakhale kabowo kotulukira mafuta ndi pokoleka chitini. Zogwirira zikhale zathabwa. Choyezera kutentha chiikidwe molingana ndi waya, poti pamwamba pa chitseko chimaonetsa madigiri amene nyama sikuwamva.

Kuitanitsa kunja kapena kupangitsa konkuno

Mayina ngati Yoder, Horizon ndi Workhorse ndi odalirika, koma chinthu cha makilogalamu 200 kuchichotsa ku America, kapena ku Johannesburg komwe, ndiye kuti mtengo wonyamulira, msonkho wa MRA ndi kusowa kwa ndalama zakunja zonse zili pamutu panu. Samalaninso ndi dzina lokha: zambiri za Oklahoma Joe's zogulitsidwa m'masitolo masiku ano n'zopyapyala poyerekeza ndi zoyamba zija. Funsani mamilimita ndi makilogalamu musanafunse za kampani.

Kupangitsa konkuno ndiye nzeru, bola musankhe mmisiri amene anapangapo mathanki kapena ngolo, osangoti mafelemu a mawindo. Onani ntchito yake yakale: mzere wowotcherera ukhale wopitirira, osati madontho apa ndi apo. Chitsulo kaguleni limodzi ku Limbe kuti muone ndi maso anu chimene chikulowa. Miyeso yonse ilembedwe papepala, aliyense akhale ndi lake. Perekani ya zipangizo poyamba, ya ntchito ikatha, ndipo pa tsiku limene walonjeza muwonjezerepo sabata ziwiri za kuzimazima kwa magetsi. Pangananinso kuti chitseko achidule pang'onopang'ono ndi kuchilimbitsa ndi timizati m'mphepete, chifukwa chitsulo chopindidwa chikadulidwa mothamanga chimatambasuka, chitseko osatsekanso bwino.

Chiyeseni musanamalize kulipira

Tsekerani pepala pachitseko n'kulikoka, mbali zonse zinayi. Likamasololoka mosavuta, pamenepo padzatuluka utsi. Kenaka yatsani moto pomwepo pa shopu, ndi nkhuni zanu zouma. Chumuni chitsegulidwe chonse, moto muziuwongolera ndi kachitseko ka bokosi komanso kukula kwa zikuni. Pakatha ola, utsi wa pa chumuni ukhale wopyapyala, wabuluu pang'ono, wosaoneka bwino. Ukamatulukira kukhomo la bokosi la moto, chumuni sichikukoka ndipo chitalikitsidwe.

Kutentha kukafika madigiri 120, yalani mapisi a buledi pa waya wonse, mutseke, mudikire mphindi 10 kapena 15. Buledi adzakujambulirani pamene pakutentha kwambiri ndi pamene pakuzizira. Kusiyana pang'ono kulibe kanthu, ndipo mudzakugwiritsa ntchito: nkhuku kufupi ndi moto, nthiti kutali. Koma wina akapserera kukhala khala wina akadali woyera, kachitsulo kotchinga lawi kakonzedwe ndalama yomaliza isanatuluke m'thumba.

Chikafika kunyumba

Chiikeni pa simenti kapena pa njerwa, pansi pa shedi ya malata yopanda makoma, kutali ndi denga la udzu ndi posewerera ana. Chipakeni mafuta ophikira m'kati monse ndi kunja kwa bokosi la moto, muyatse moto maola atatu kapena anayi mulibe nyama. Mafutawo amauma n'kukhala chikopa chotchinga dzimbiri. Mukatha kuwamba kulikonse, phulusa likazizira lichotseni, chifukwa phulusa lonyowa ndi limene limaboola bokosi la moto msanga kuposa moto weniweniwo. Musachikute ndi pulasitiki yomata m'nyengo ya mvula, imasunga chinyezi m'kati.

Gulaninso choyezera chobaya m'nyama. Nkhuku yapsa ikafika madigiri 74 m'kati mwa ntchafu. Chidale, mwendo wa mbuzi ndi phewa la nkhumba zimafewa pakati pa 90 ndi 95. Nyama yaikulu ikafika cha m'ma 70 imaima maola angapo osakwera, chifukwa madzi otuluka pamwamba pake amaiziziritsa. Musawonjezere moto, dikirani, kapena ikulungeni m'pepala la aluminiyamu.

Ng'ombe zathu zambiri n'zodya msipu, zopanda mafuta ochuluka ngati za m'mavidiyo a ku Texas, ndipo chidale chake chimauma msanga. Pa butchala auzeni asachotse mafuta a pamwamba, ndipo muziika mbale ya madzi m'chimimba kufupi ndi moto. Chidalecho musayambe nacho. Maulendo oyamba wambani nkhuku ndi nthiti za mbuzi, zimene zimapsa m'maola atatu kapena asanu, mpaka mutadziwa kuti chikuni chimodzi cha gwafa chimakweza madigiri angati m'chowambira chanucho.